Emamectin pa mbozi za m'chimanga: akupha ndithu, koma mphamvu yake tikuitha tokha

Ambiri amene amandifunsa ngati mankhwala a emamectin amaphadi mbozi za m'chimanga amakhala kuti mbozi zalowa kale m'munda, ndiye ndiyankhiretu. Emamectin benzoate amapha mbozi zachilendozi, zimene ena akuzitcha ntchemberezandonda ngakhale si zija zakale zoyenda chigulu. Pa mankhwala onse amene ndagulapo m'masitolo a zaulimi ku Ulongué ndi pa msika wa Lizulu, awa okha ndi amene ndingauze mnzanga kuti gulani osakayika. Koma uphungu umenewu uli ndi mbali yachiwiri, ndipo ndi imene yandilembetsa zonsezi. Tikapitiriza kupopera mmene tikuchitiramu, mankhwalawa atha ntchito tikuona ndi maso athu, ndipo chimanga cha GMO, chosinthidwa chibadwa, chimene ena akuchiyembekezera sichidzatipulumutsa ku khalidwe lomweli.

Ndimalima chakufupi ndi Domué, m'boma la Angónia. Dzinja ndimabzala chimanga chosakaniza ndi nyemba, chilimwe ndimatsikira kudimba komwe kumakhala chimanga chachiwisi, kabichi ndi kachewere pang'ono. Mbozizi zinaoneka koyamba mu Africa kumayambiriro kwa 2016, cha ku Nigeria, zitachokera ku America, ndipo kuno ku Mozambique zinafika mu 2017. Tsidya la malire, boma la Malawi linalengeza mu Disembala chaka chomwecho kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha mbozi zimenezi. Ife poyamba tinkati ndi kapuchi. Kusiyana kwake kumaoneka mukaitulutsa m'nsonga n'kuiika pachikhatho: pamutu pali chizindikiro cha Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli madontho anayi akuda oyalana bwinobwino mbali zinayi. Pa mapepala a mankhwala a kuno amalemba kuti lagarta do funil. Mukaona mawu amenewo, akunena yomweyi.

Emamectin amabwera mitundu iwiri imene ndaiona. Pali wamadzi wa m'botolo, kawirikawiri wolembedwa 1.9 EC, ndi wa timibulu touma m'timapaketi, wolembedwa 5 SG. Mayina a pachikuto ndi ambirimbiri, ena ochokera ku China, ena ku India, ena olowa kudzera pa chipata cha m'malire cha Calómuè ali ndi Chingerezi chokhachokha. Musavutike ndi dzina lalikulu la pamwamba. Yang'anani timalemba tating'ono tonena chimene chili m'kati. Ine ndimakonda wa timapaketi pa zifukwa ziwiri: kapaketi kosatsegula n'kovuta kukasungunula ndi madzi, komanso kamakwana m'thumba la munthu amene alibe ndalama ya botolo lonse. Amasungunuka msanga mu sipuleya ya malita 16, satseka kamwa la chopopera, ndipo alibe fungo loboola mutu ngati la chlorpyrifos. Mlingo wake sindikulemberani, chifukwa mphamvu za mitundu iwiriyi n'zosiyana. Tsatirani zolembedwa pa chimene mwagulacho.

Chimene chimasokoneza anthu ndi kaphedwe kake. Tinazolowera cypermethrin, amene tikapopera tizilombo tinkagwa pomwepo. Awa satero. Mbozi ikadya tsamba lopoperedwa imauma ziwalo n'kusiya kudya patangopita maola ochepa, koma kufa kwenikweni kumatenga masiku awiri mpaka anayi. Mayi wina woyandikana nane munda anabwera m'mawa mwake atanyamula mbozi yamoyo patsamba, nati, "Achimwene, mankhwala anu aja ndi madzi, taonani iyi ikupuma." Ndinawapempha kuti ayang'ane ngati m'nsonga muli ndowe zatsopano, zija zonyowa zotuwira. Munalibe. Pofika Loweruka masamba atsopano ankatuluka osabooka. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ambiri sadikira choncho. Amapoperanso tsiku lachiwiri, ena kuwirikiza mlingo, n'kumataya ndalama pa mbozi imene yafa kale ndi mkamwa.

Ubwino wina ndi wakuti mankhwalawa amalowerera m'kati mwa tsamba. Amene atsala pamwamba dzuwa limawaphwanya msanga, ndiye nthawi yopopera ndi madzulo, dzuwa litapendeka, pamenenso mbozi zimatuluka kudzadya. Kupopera masana a Januwale n'kungodyetsa dzuwa. Kamwa la chopopera lilunjike m'nsonga mwa phesi lililonse, mzere ndi mzere, osati kuwaza m'mwamba munthu akuyenda mothamanga. Ntchito yake ndi yopweteka msana, koma mbozi imakhala m'menemo, ndipo mankhwala ogwera pamasamba akale saipeza.

Zofooka zake ziliponso, ndipo wogulitsa sakuuzani. Pa mbozi zazing'ono, zija zimene zimangopala tsamba n'kusiya timawindo toonekera, emamectin sakhumudwitsa. Koma zikakula kufika ngati chala chaching'ono, zitadzitsekera pansi pa mulu wa ndowe zake, zina zimapulumuka. Chimanga chikamasula ngayaye mbozi n'kulowa m'chisononkho, iwalani, palibe mankhwala amene angazitsate kumeneko, ndipo sindingalangize munthu kupopera chimanga chimene ana ayamba kuotcha posachedwa. Mazira sindiwadalira kuti afa, choncho pakatha sabata pamafunika kuyenderanso munda. Mvula ikagwa mutangopopera, mwataya. Njuchi zimafa zikakhudza mankhwala asanaume, ndipo nsomba sizipirira ngakhale pang'ono. Izi ndikunena makamaka kwa ife a kumadimba, amene timatsukira sipuleya pa khwawa lomwe ana amawedza ndi kusamba. Zimandipweteka ndikaona timapaketi totha titatayidwa m'mphepete mwa madzi.

Mtengo si wotsika. Poyerekeza ndi cypermethrin, kudzaza sipuleya imodzi kumadya ndalama zambiri, ndipo mtengowo umakwera mbozi zikangobuka, pamenenso ndi nthawi ya njala, ndalama zitathera ku feteleza. M'misika mwadzazanso za m'mabotolo a madzi akumwa, zopanda pepala, zimene wogulitsa amangoti "ndi emamectin yemweyo, bambo, ndangogawa." Zoterezo musagule ngakhale zitatsika mtengo chotani. Simudziwa chimene chili m'katimo, ndipo mankhwala osungunulidwa ndi oipa kuposa kusapopera kumene, pa chifukwa chimene ndikufotokoze tsopano.

Aliyense wa ife amadziwa kusankha mbewu. Pokolola timapatula zisononkho zazikulu, zodzaza bwino, n'kuzipachika pa utsi kuti chaka chamawa zibereke zinzake zotero. Kupopera mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka ndi kusankhira mbozi mbewu. M'munda muli mbozi zikwizikwi, ndipo mwa izo mumapezeka zochepa zimene zinabadwa ndi thupi lotha kupirira mankhwalawo. Tikapopera, zofooka zimafa, zolimbazo zimatsala, zimasanduka agulugufe, zimakwerana zokhazokha. Gulugufe wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira oposa 1,000, ndipo nyengo yotentha m'badwo umatha m'masiku pafupifupi 30. Mlingo ukakhala wochepa, kaya chifukwa chosungunula kapena chifukwa chofuna kuti kapaketi kamodzi kakwane masipuleya awiri, zotsala zimachuluka, ndipo kusankhako kumafulumira. Kuno kwathu tili ndi vuto lina lapadera. Mbozi imeneyi sigona m'nyengo yozizira kudikira mvula, imafuna chakudya chaka chonse, ndipo madimba athu amaipatsa. Mbozi imene yapulumuka emamectin pa chimanga cha kudimba mu Okutobala, zidzukulu zake ndi zimene zikudya chimanga cha kumunda mu Januwale, n'kukumananso ndi emamectin yemweyo.

Izi si zongoopseza. Ofufuza atayeza mbozi zimene zinalowa mu Africa anapeza kuti zambiri zinabwera kale ndi chibadwa chopirira mankhwala a mtundu wa chlorpyrifos, chifukwa makolo ake anapoperedwa kwa zaka zambiri ku America. Ku Brazil, komwe amapopera kwambiri, apeza kale mbozi za m'minda zimene sizikumva bwino emamectin. Ndipo gulugufe wake amauluka mtunda wautali usiku umodzi, mpaka makilomita 100 mphepo ikamuthandiza. Sadziwa kuti apa ndi Angónia apo ndi Dedza. Zimene akuchita mlimi wa ku Tsangano kapena ku Furancungo zidzafika m'munda mwanga.

Mlamu wanga anagwirapo ntchito m'mafamu a chimanga ku Free State, ku South Africa. Akandiona ndi sipuleya kumsana amapukusa mutu. "Alamu, mukuvutikiranji? Kuja chimanga chimadziteteza chokha. Mbozi ikangoluma yafa. Boma lingotibweretsera mbewu imeneyo, nkhani yatha." Sakunama pa zimene anaona. South Africa inayamba kulima chimanga cha Bt mu 1998, ndipo lero chimanga chochuluka cha dziko limenelo n'chosinthidwa chibadwa. Akatswiri anatenga kachigawo ka chibadwa cha bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Bacillus thuringiensis, mwachidule Bt, n'kukaika m'chimanga, moti mbewuyo imapanga yokha puloteni imene imaboola matumbo a mbozi. Kuno kwathu bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IIAM linabzala chimanga chotere koyamba mu 2017 ku Chókwè, m'chigawo cha Gaza, m'munda wotchingidwa woyesera, pansi pa ntchito ya WEMA imene pambuyo pake inapitirira ndi dzina la TELA. Ku Nigeria mbewu za TELA zinaloledwa kugulitsidwa kwa alimi mu Januwale 2024. Anansi athu a ku Malawi akhala akulima thonje la Bt kuyambira cha m'ma 2019. Ndiye si nthano, ndipo si zakutali.

Pamene ndimasiyana ndi alamu ndi pa mawu oti nkhani yatha. Ku South Africa komweko, m'dera lothirira la Christiana, kapuchi wa mtundu wa Busseola fusca, yemweyu amene timamudziwa kuno kumapiri, anapezeka akudya chimanga cha Bt n'kukhala moyo. Lipoti lake linatuluka mu 2007, zaka zosakwana khumi chiyambire kulima mbewuyo. Chimanga chake chinali cha MON810, chokhala ndi puloteni imodzi yokha. Lamulo linkati mlimi aliyense asiye chigawo cha munda chobzala chimanga wamba, magawo 5 pa 100 ngati sapoperapo, kapena magawo 20 pa 100 ngati apopera. Cholinga chake n'chakuti m'chigawo chimenecho muzikula agulugufe ambiri osapirira, kuti wopirira mmodzi wotuluka m'chimanga cha Bt akwerane ndi iwowo, mphamvu yake isungunuke. Zaka zoyambirira alimi ambiri sanatsatire, poona kuti n'kutaya malo kudyetsa mbozi dala. Kapuchi anapambana, ndipo makampani anachita kubweretsa mbewu ina, MON89034, ya mapuloteni awiri. Mbozi yathu yachilendoyi inachita zoposa pamenepo kwawo. Pa chilumba cha Puerto Rico chimanga cha puloteni ya Cry1F chinayamba kulimidwa mu 2003, pofika 2006 mbozi zinali zikuchidya, ndipo chinachotsedwa pa msika wa kumeneko. Ku Brazil zomwezo zinachitikanso patapita zaka zochepa.

Amenewo ndi alimi a mathirakitala, a minda yoti maso safika kumapeto, okhala ndi alangizi a kampani pafoni. Nanga ife? Poyamba mwina zingatiyendere bwino, chifukwa ambiri adzakhala akubzalabe chimanga cha makolo, ndipo minda yawoyo idzakhala mothawira mbozi popanda wolamula. Vuto lidzayamba mbewuyo ikadzakondedwa mudzi wonse. Munthu wa munda wosakwana hekitala, amene chimanga chake chimatha mu Novembala, mudzamuuza bwanji kuti asiyire mbozi mizere ingapo? Ndiponso tili ndi chizolowezi chobzala mbewu yobwereza ndi kugawana ndi abale. Mbewu ya Bt ikabwerezedwa, mapesi ena amakhala ndi puloteni ija, ena alibe, ndipo mbozi imayenda kuchoka pa phesi ili kupita pa linalo, kulawa pang'ono osafa. Kumeneko n'kusankha kuja, koma tsopano kukuchitika usana ndi usiku, chifukwa mankhwala ali m'tsamba nyengo yonse.

Sindikudana nayo mbewuyo. Itadzaloledwa n'kufika m'masitolo athu ndi pepala lake lomveka, ine ndidzaiyesa, chifukwa ndatopa kupuma mankhwala ndi kuona achinyamata akupopera osavala kanthu kumanja ndi kukamwa. Koma m'masitolo a ku Ulongué sindinaionepo, ndipo munthu akakugulitsani mbewu ya m'thumba losalemba n'kunena kuti ndi ya GMO ya ku Joni yosagwidwa mbozi, sungani ndalama zanu. Ambirinso amasokoneza haibulidi ndi GMO. Haibulidi imene timagula chaka chilichonse ndi yokwatitsa mitundu iwiri ya chimanga basi, ndipo mbozi imaidya ngati china chilichonse.

Tibwerere ku sipuleya, chifukwa ndiyo tili nayo lero. Njira yotalikitsira moyo wa emamectin ndi kusinthasintha, koma kusintha dzina la pabotolo si kusintha mankhwala. Mankhwala ophera tizilombo anagawidwa m'magulu malinga ndi mmene amaphera, ndipo gulu lililonse lili ndi nambala. Emamectin ali m'gulu 6, limodzi ndi abamectin amene timapopera akangaude ofiira pa tomato. Cypermethrin, lambda-cyhalothrin ndi deltamethrin onse ndi gulu 3, ndiye kuchoka pa mmodzi kupita pa mnzake simunapite kulikonse. Chlorpyrifos ndi profenofos ndi gulu 1. Amene amagwira bwino mbozi imeneyi n'kukhala a gulu lina ndi chlorantraniliprole ndi flubendiamide a gulu 28, spinetoram wa gulu 5, indoxacarb wa gulu 22, ndi lufenuron wa gulu 15. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti gulu limodzi ligwire ntchito m'kati mwa masiku 30, omwe ndi m'badwo umodzi wa mbozi, kenako lipume, m'badwo wotsatira ukumane ndi gulu lina.

Apa ndi pamene ndili ndi dandaulo lalikulu pa katunduyu monga amagulitsidwira kuno. Timapaketi tambiri timene ndagula tilibe nambala ya gulu. Malangizo ali m'Chipwitikizi kapena Chingerezi, m'zilembo zoti munthu wa zaka zanga amachita kupita nazo padzuwa. Palibe ngakhale mzere umodzi wa Chichewa, pamene ogula ake ambiri ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ndi ife. M'sitolo ina ndinafunsa mnyamata wogulitsa kuti ndi mankhwala ati amene ndingasinthanitse ndi awa. Anandiyankha mwaulemu ndithu, "Bambo, awa ndi amene akugwira, enawo mungotaya ndalama." Sindikumuimba mlandu mwanayo, palibe anamuphunzitsa. Koma yankho limenelo likuperekedwa kwa alimi mazanamazana dzinja lililonse, ndipo onse akubwerera kumudzi ndi gulu 6. Ku Ulongué kuli sukulu ya zaulimi ya UniZambeze, ndipo ndikanakonda ophunzira ake atalemba kapepala kamodzi ka Chichewa kosonyeza magulu amenewa, kopachika pa khoma la sitolo iliyonse. Sichinthu chodula.

Kupopera kochepa ndi njira inanso, ndipo imasunga ndalama. Sindipopera chifukwa choti ndaona tsamba limodzi lobooka. Ndimayenda m'munda mokhotakhota, kuima malo asanu, kuyang'ana mapesi khumi pa malo alionse. Chimanga chikadali chaching'ono, ndimatenga sipuleya pokhapokha phesi limodzi mwa asanu alionse likakhala ndi zizindikiro zatsopano. Chikafika m'chiuno chimapirira zambiri, ndipo masamba obooka amaopsa maso kuposa mmene amachepetsera zokolola, makamaka ngati chinadya feteleza pa nthawi yake. Mvula yamphamvu imaphanso mbozi zazing'ono zambiri, ndiye ikagwa usiku wonse ndimayamba ndayenderanso ndisanasungunule kanthu. Kudimba, komwe mizere ndi yowerengeka, emamectin ndinamuletseratu pa chimanga. Kumeneko timatswanya mazira ndi zala, timathira dothi kapena phulusa m'nsonga, ndipo mayi a kunyumba amawaza msuzi wa usipa kuti nyerere zikwere mapesi. Njira zimenezi sizimaliza mbozi zonse, ndipo pa hekitala yathunthu sizitheka. Koma mbozi zotsala kudimba zimakhala zisanalawepo gulu 6, ndipo ndi zimene ndikufuna kuti zikakumane ndi sipuleya yanga mu Januwale. Kubzala ndi mvula yoyamba kumathandizanso kwambiri. Minda yobzalidwa mochedwa ndi imene imalandira agulugufe onse a m'dera.

Ndiye gulani emamectin ngati chimanga chanu sichinamasule, mbozi zikadali zazing'ono, ndipo mwapeza paketi yomata bwino yokhala ndi tsiku lothera ntchito. Valani zotchinga manja ndi kukamwa, ngakhale fungo lake silioneka loopsa. Musapitirire kawiri pa mbewu imodzi. Vuto limene latsala ndi lakuti mankhwala a gulu 28 ndi gulu 5 ndi odula, sapezeka nthawi zonse ku Ulongué, ndipo kawirikawiri amabwera m'mabotolo oposa zimene munda umodzi ungafune. Chaka chino ife a minda yoyandikana tagwirizana kusonkherana botolo limodzi n'kupopera sabata imodzi tonse, kuti agulugufe asamangochoka kwa uyu kupita kwa uyo. Amene muli cha ku Domué ndipo mukufuna kuchita chimodzimodzi, kambiranani ndi anzanu mvula isanagwe, n'kuuziratu wa sitolo kuti aitanitse, chifukwa mbozi zikabuka pa shelefu pamatsala cypermethrin yekha.